Tsiku Limene a Valli Anandijambula pa Doko

Amayi anzanga a ku Evington, a ku Wigston, ndi inu a ku Loughborough amene munakwera sitima kudzandipepesa, senderani kuno mumve. Inunso amene simunabwere, sindikukuimbani mlandu, khalani pansi. Ndikulira a Yusuf Valli, amuna anga, amene tawaika mwezi wathawu. Ambiri a inu mumangoti mmwenye uja wa kamera anaba mayi wa Mvano. Sanandibe ayi. Ndinatuluka ndekha, ndi miyendo yangayi. Lero ndikuuzani mmene zinayendera.

Chinali chaka cha 2004. Ine Keturah ndinali nditatha zaka ziwiri kwa mwana wanga Mthunzi ku Evington, mu mzinda wa Leicester ku England kuno. Ananditenga ku Ntcheu bambo ake atamwalira. Ntchito yanga inali kuphika, kuchapa, ndi kusuzumira pawindo. Tsiku lina m'shopu ya pa Evington Road ndinkathyola nsonga za therere kufuna lanthete, ndikudandaula ndekha kuti therere la kuno ngati nkhuni. Ndinangomva kumbuyo kwanga, "Musathyole lonse mayi, mwini shopu akukuonani. Lanthete lili m'bokosi la pansi."

Kucheuka, mmwenye wa imvi, kachipewa koyera pamutu, akuseka. Chichewa cha ku Limbe chenicheni! Anabadwira komweko, kuno anabwera ali mnyamata, akazi awo anamwalira kale. Tinaima pamenepo mpaka mwini shopu anafunsa ngati tikugula kapena tabwera ku msonkhano.

Kuyambira pamenepo foni ya m'nyumba inkalira teni koloko m'mawa, ana ali ku ntchito. Ine ikamakwana hafu naini ndinkayamba kupukuta tebulo lopukuta kale.

*

Nkhani siichedwa kuno, mukudziwa nokha. Madzulo ena Mthunzi anandipeza m'khitchini, sanavule ndi jekete lomwe.

"Mama, akuti mwakhala mukuoneka pa benchi ya ku paki ndi mmwenye."

"Akuti ndani?"

"Zilibe kanthu kuti ndani. Ndi zoona?"

"Benchi ndi ya boma, mwana wanga. Aliyense amakhalapo."

"Mama, musandiseke. Ine ndine mkulu wa mpingo. Anthu akundilozera zala. Adadi sanathe zaka zitatu m'manda." Anatsitsa mawu. "Ndikadzamvanso, ndikubukirani ndege. Sindikuopsezani, ndikungokuuzani."

Ndinayankha kuti ndamva. Koma mtima sunamve. Ku Ntcheu nyumba anatenga achibale a malemu, ndikanakafikira kwa yani? Ana anga ndi adzukulu onse ali kuno. Ndinalumbira kuti foni ikalira mawa sindiyankha.

Inalira kamodzi kokha, ine ndanyamula kale.

"Mayi Keturah, Lachinayi madzi a pa doko adzaza leveni koloko. Kukubwera sitima yonyamula matabwa. Munati simunaonepo sitima yapamadzi ndi maso."

"A Valli, Lachinayi ndi la Mvano."

"Ndikudziwa. Koma madzi a nthawi yabwino chonchi akadutsa, timadikira masabata awiri."

"Nanga sitimayo singabwere Lachisanu?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Ndikaipempha."

*

Tsoka lake, Lachinayi limenelo mpongozi wanga Angeline anali pa ofu. Ndikanatuluka bwanji ndi diresi wamba pa tsiku la Mvano? Ndinavala yunifomu yonse, bulauzi yoyera, siketi yakuda, duku loyera. Diresi ndinaipinda m'chikwama kuti ndikasintha panjira. Inu amayi mukudziwa lamulo lake, zovala zimenezi ndi za ntchito ya Mulungu basi, mapemphero, maliro, kuona odwala. Ndinamuuza Angeline kuti tiyamba ndi kukaona wodwala ku Wigston. Bodza linatuluka mosavuta mpaka ndinadziopa.

A Valli anaimika galimoto pakona, kuseri kwa bokosi la makalata. Atandiona anatong'ola maso.

"Lero ndanyamula mngelo?"

"Yendetsani, anthu akuona!"

Pa malo othirira petulo ndinati ndikasinthe, koma ku chimbudzi cha akazi kunali mzere. Iwo akungoyang'ana wotchi. "Tikachedwa tikapeza matope okhaokha." Ndinabwerera m'galimoto chivalire. Kulakwa kwanga kunali pomwepo.

Ulendo wake ndi wa maola awiri. Dziko la kumeneko ndi lathyathyathya, minda ya mbatata ndi kabichi, phiri olo limodzi. Panjira anandipatsa kabuku kawo kakuda kuti ndigwire. Munali malo onse amene ankajambulirako sitima, ndipo ankawatchula ngati mayina a ana awo. Ku Boston, ankati, usaime pafupi ndi geti la doko, uona mipanda yokha, uyende m'mbali mwa mtsinje mpaka pamene ukhota. Kumathero kwa mtsinje wa Nene kuli nsanja ziwiri zoyera, pamenepo sitima imaoneka ikuchokera kunyanja, koma mphepo yake imagwedeza manja. Malo amene ankawakonda kuposa onse ndi pa Sutton Bridge, tsidya la kum'mawa, moyang'anana ndi doko.

Titafika pamenepo ndinafunsa, "Bwanji tsidya lino, poti sitima imaima tsidya ilo?"

"Dzuwa likhale kumsana kwanu, mayi. Mukaima tsidya ilo m'mawa, sitima imatuluka bii ngati mphika."

Tinakwera kamtunda ka udzu. Ine ndinkayembekeza nyanja, ndinapeza mtsinje wa madzi ofiirira. Koma abale, madziwo ankayenda chobwerera, kuchoka kunyanja kupita kumtunda! Ndinagwira pakamwa. Matope a m'mbali ankamira ine ndikuona.

Leveni inakwana, sitima osaoneka. Ine mtima uli m'mwamba, galimoto iliyonse yodutsa pa mlatho ndinkaiona ngati ya Mthunzi. Ndikhale pansi, ndiimirire, ndikhalenso. Iwo phee, akuthira tiyi wa m'fulasiki, akutulutsa masamusa amene anaphika achemwali awo. Mphepo inandilowa m'mafupa, anavula jekete lawo nkundifunditsa.

"A Valli, munati m'mabokosi mwanu a zithunzi muli sitima zokhazokha. Anthu simuwajambula bwanji?"

"Bambo anga ankati chokhala ndi mpweya usachiike papepala. Ena kwathu amajambula, koma iwo anali okhwima. Kamera yoyamba anandigulira ku Beira ndili ndi zaka khumi, tsiku limene anandionetsa doko lomwe agogo anatsikira. Anandilumbiritsa pomwepo. Ndiye ndinasankha chinthu choyenda koma chopanda mpweya."

"Ngakhale akazi anu simunawajambule?"

"Ngakhale mayi anga."

Ndisanayankhe, anandigwira mkono. "Iyo!"

Inatulukira pang'onopang'ono, ngati nyumba ya nsanjika ikuyenda pakati pa minda. Yabuluu, dzimbiri m'mbali, matabwa mpaka pamwamba. Inkadutsa pafupi moti ndinkamva fungo la mafuta. Mzungu wina pamwamba pake anakweza dzanja. Ine, mayi wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, ndinakweza manja onse awiri nkuyamba kulumpha, kukuwa, "Moni! Moni kumeneko!" Ndinaiwala Mthunzi, ndinaiwala Mvano, ndinaseka mpaka misozi.

Ndinangomva kuti tcha.

Kucheuka, kamera yaloza ine.

"A Valli! Sitima yanu ikudutsa!"

"Idzabweranso. Inu kuseka chonchi sindinakuonenipo."

"Nanga lumbiro lija?"

"Ndikayankha ndekha kumeneko." Anatsitsa kamera. "Mayi Keturah, ine zoima pakona ngati wakuba zanditopetsa. Ndikufuna ndikutengeni."

"Ine wa tchalitchi, inu wa mzikiti."

"Ndanena kuti musiye tchalitchi? Lamulungu ndizikakutulani pageti."

"Mwana wanga andikweza ndege."

Anatola fulasiki nkutsogola kugalimoto. Tinabwerera ku Leicester wailesi ikulira.

*

Sabata imeneyo ndinapsereza nyemba kawiri. Ndikagwada kuti ndipemphere, m'maso munkabwera sitima yabuluu. Za chithunzi sindinaziganize nkomwe. Sindinkadziwa kuti filimu akaisiya kotsukitsa, envulopu yake amakatenga achemwali awo aakulu, a Zaibunisa, poti shopuyo inali pafupi ndi nyumba imene ankakhala awiriwo. Zaka zonsezo sanaitsegulepo. Sitima zinali zitawakola.

Koma tsiku limenelo anali ndi mnzawo Roshan, mayi wamasiye wobadwira ku Zomba, amene a Zaibunisa anamusankha kale kuti akhale mlamu wawo. Roshan anati aone zithunzizo kuti apeze poyambira macheza ndi a Valli.

Lamulungu masana, titangobwera kutchalitchi, belu linalira. Mthunzi anatsegula. Amayi awiri achimwenye, wina wokalamba wa ndodo, wina wonenepa wa zibangili.

"Odi kuno. Tikufuna mayi a nyumba ino," anatero wa ndodoyo.

Mthunzi anadabwa kumva Chichewa. Anawalowetsa, Angeline anati ateleke tiyi, anakana. Kukhala pansi anakananso. Roshan, wa zibangili uja, anatulutsa chithunzi nkuchimenyetsa pa tebulo.

Ndinadziona. Pakamwa yasa, manja m'mwamba, duku loyera lapendekeka, jekete la mwamuna paphewa, sitima kumbuyo. Kunena zoona sindinaonekepo bwino chotero moyo wanga wonse.

"Ine chaka chathunthu ndikuwatumizira a Valli mpunga wa biriyani," anatero Roshan, zibangili zikulira. "Pa ukwati wa mwana wanga ndinawapempha andijambule kamodzi kokha. Anati tchimo. Lero tchimo latha?"

"Zaka makumi asanu mchimwene wanga wasunga mawu a bambo athu," anatero a Zaibunisa. "Amayi athu anapita opanda chithunzi. Tandiuzani mayi, mwamudyetsa chiyani?"

"Ndawadyetsa chiyani ine? Tiyi anali wawo. Masamusa anali anu omwe."

Angeline anathawira kukhitchini atagwira pakamwa.

A Zaibunisa anamenya ndodo pansi. "Mukuyankha? Ku Limbe anthu ngati inu kwathu ankalowera khomo la kuseri."

Apo Mthunzi anaimirira. "Mayi, kuno si ku Limbe. Awa ndi mayi anga, ndipo muli m'nyumba mwanga. Khomo lake ndi lomwe munalowera lija."

Anatuluka. Pakhomo Roshan anatembenuka nkundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Muwafunse a Valliwo ngati ali ndi nyumba yokuikanimo."

Ndinati mwana wanga wandiimira. Koma atatseka chitseko anatola chithunzi chija nkuchiyandikiza kumaso. Kamera ya a Valli inkalemba deti pakona, timanambala tofiira.

"Eyiti Julaye. Angeline! Pa eyiti linali tsiku lanji?"

Kukhitchini kunatuluka kamawu, "Lachinayi."

"Mama, wodwala wa ku Wigston uja ndi ameneyu? Sitimayi?"

"Mwana wanga..."

"Mu yunifomu, Mama! Mukanavala china chilichonse. Mu yunifomu!" Analira, mwamuna wamkulu wa ana awiri. Zinandipweteka kuposa mawu a mayi wa ndodo uja. "Ndinakuuzani. Loweruka likubwerali mukukwera."

*

Foni ya m'nyumba anaizula nkuitsekera m'galimoto mwake. Pasipoti yanga inali kale mu drowa yake ya kiyi. Lolemba anapita yekha kwa amayi a tcheya a Mvano, kuti asamvere kwa ena. Yankho linabwera loti yunifomu ndibweze kufikira nkhani itakambidwa.

Masiku amenewo sindinkakhazikika. Ndikwere masitepe, nditsike. Ndilonge sutikesi, ndimasule. Teni koloko ikakwana ndinkaima pamalo pamene pankakhala foni, kuyang'ana kachingwe kali lende. Mwina achemwali awo awagonjetsa. Mwina Roshan wapita ndi biriyani wina. Mwina akudandaula kuti anaphwanya lumbiro chifukwa cha nkhalamba ya ku Ntcheu. Adzukulu anga akabwera kusukulu ndinkawakumbatira mpaka ankadabwa.

Lachitatu Angeline anandipeza ndikuyanika zovala kuseri. Anayang'ana uku ndi uku nkutulutsa kapepala m'thumba la yunifomu yake ya unesi.

"Amama, ichi ndachipeza pa mati ya pakhomo. Ine sindinaone chilichonse, mwamva? A Mthunzi akadziwa, nafa."

Linali tsamba long'ambidwa m'kabuku kosonyeza nthawi imene madzi amadzaza pa doko. Pa Lachinayi anazunguliza ndi bolopeni. Pansi pake analemba zilembo zikuluzikulu, podziwa maso anga: MAWA 8 KOLOKO. NDIGOGODA PAKHOMO. PAKONA SINDIIMANSO.

Ndinawerenga kanayi. Kenako ndinakatenga yunifomu, ndinaichapa pamanja, ndinaisita bwinobwino mpaka makolala. Zaka makumi atatu ndinaivala. Ndinaika m'manda anthu ambiri nditavala imeneyo. Poipinda ndinapempha Mulungu andikhululukire bodza lija. Koma za pa doko zija, ndinayesa kulapa, pakamwa panakana.

*

Lachinayi Mthunzi sanapite ku ntchito. Kaya anaona kapepala, kaya mtima unangomuuza. Anakhala pa sofa moyang'ana khomo. Eyiti koloko yeniyeni, go go go.

A Valli anali atavala suti yotuwa, yothina pamimba. Kamera analibe. Anavula nsapato pakhomo ngakhale palibe anawauza kuti alowe.

"Bambo Mthunzi, ndine Yusuf Valli. Ndabwera ndekha chifukwa ankhoswe ndilibe. Ndapempha abale atatu, onse andikana."

"Ndiye mukufuna chiyani?"

"Ndikupepese kaye. Amene anawafulumizitsa mayi kuti asasinthe zovala ndine. Amene anajambula ndine. Chachiwiri, ndikufuna kuwakwatira."

"Mukupempha mayi kwa mwana wawo? Ku Limbe munaphunzira mwambo umenewo?"

"Ayi. Ndipatseni nambala ya eni mbumba ku Ntcheu, ndiimba lero lomwe."

"Simupatsidwa nambala. Tikiti ndagula. Valani nsapato zanu."

Ine ndinali pa masitepe, nditavala diresi yanga ya maluwa ija inakhala m'chikwama tsiku lonse pa doko. Ndinatsika. Yunifomu ndinaiika pa tebulo.

"Iyi ukapereke kwa amayi a tcheya. Uwauze kuti ndikabwera kudzayankha ndekha."

"Mama, bwererani m'mwamba."

"Mthunzi, ndinakubereka, ndinakulera, bambo ako ndinawadwazika zaka zinayi mpaka kuwatseka maso. Palibe amene ndinamuthawa. Ndege imeneyo sindikwera."

"Mukatuluka pakhomo limenelo, kiyi musiye."

Ankaganiza kuti ndiopa. Inenso ndinkaganiza kuti ndiopa. Ndinamasula kiyi pa kachingwe ka m'khosi, ndinamuika pamwamba pa duku loyera lija. Angeline ankalira pakhomo la khitchini. Mthunzi anayang'ana kukhoma.

"Pasipoti yanga?"

"Ikhala momwemo."

Ndinatenga chikwama changa chaching'ono nkutuluka. Galimoto inali pakhomo penipeni, anthu oyandikana nafe akusuzumira m'makatani.

*

Tinayenda mpaka kutuluka mu Evington. Pa maloboti ndinapuma mpweya waukulu.

"Basi a Valli, ndabwera. Kiyi ndasiya. Tiyeni kwanu ndikaone kumene ndizikhala."

Anangogwiritsitsa chiwongolero. Maloboti anasintha, wa kumbuyo anaimba hutala. Ndipamene ndinacheuka nkuona mpando wa kumbuyo. Mabokosi a zithunzi mpaka kudenga, masutikesi awiri, mkeka wawo wopempherera, ketulo.

"A Valli, katunduyu?"

"Nyumba ija bambo anaisiya m'dzina la achemwali. Dzulo anandiuza kuti ndisankhe, Roshan kapena msewu. M'mawa uno kiyi wanga ndamusiya pa tebulo."

"Ndiye simunanene bwanji pakhomo paja?"

"Ndimaopa kuti mubwerera m'mwamba."

Ndinawayang'ana. Nkhalamba ziwiri, wina zaka sikisite, wina kutsala pang'ono, m'galimoto yodzaza sitima za papepala, opanda kiyi wa khomo lililonse mu England muno. Ndinafuna kuwamenya ndi chikwama. Ndinafuna kutsika ndithamangire kwa mwana wanga ndikagwade. Dzanja linafika pa chitseko.

"Tigona kuti lero?"

"Sindikudziwa, Keturah."

Kanali koyamba kunditchula dzina osayamba ndi mawu oti mayi. Dzanja ndinalichotsa pa chitseko.

"Yendetsani, anthu akutiimbira hutala."

Misozi yandikwana, amayi anzanga, cholembera chikuterera. Munthu ameneyu ndi amene tamuika mwezi wathawu, wokutidwa nsalu yoyera, ine nditaima patali monga mwa mwambo wawo. Wandisiyira mabokosi a sitima, koma nkhope yake ndilibe, kupatula kachithunzi ka pa pasipoti kamene sakufanana nako nkomwe. Ndiye ndikupemphani inu amene munamuona ndi maso, ngakhale inu amene munkatembenuka tikamadutsa. Mukakumana nane m'shopu kapena pa basi, musandipepese. Mundiimitse, mundiuze mmene ankayendera, mmene ankasekera mpaka kutsokomola, mmene anaimira pakhomo la mwana wanga ndi masokosi okha. Muziwauzanso ana anu. Mutu wanga ukukalamba, ndekha sindingamusunge.